Kufunsa za mapazi m'Chiarabu: mmene fomu ya mafunso imayesedwera isanayambe kudaliridwa

Dokotala akagwira phazi la wodwala amatha kuona kutupa, chilonda, chala chopindika kapena chidendene chong'ambika, ndipo akafuna amalijambula kuti aone mafupa. Chimene sangachione ndi maso ndi kukula kwa ululu umene munthuyo amamva akangoponda pansi m'mamawa, kapena kuti anasiya kupita kumsika chifukwa choopa mtunda, kapenanso kuti m'nyumba mwake muli nsapato zingapo zimene sazivalanso. Zimenezi amazidziwa ndi mwini phazi yekha. N'chifukwa chake madokotala ndi ochita kafukufuku anakonza mafomu a mafunso amene wodwala amayankha yekha, kenako mayankhowo amasandutsidwa malikisi oti n'kuwayerekeza: a lero ndi a mwezi wamawa, a munthu asanachitidwe opaleshoni ndi atachitidwa, a gulu lolandira mankhwala awa ndi a gulu lolandira ena.

Mafomu odziwika kwambiri pa nkhani ya mapazi analembedwa m'Chingerezi. Foot Function Index inatuluka mu 1991 ku United States, ili ndi mafunso 23, ndipo poyamba anaikonzera odwala nyamakazi yotupitsa mfundo za mafupa. Foot and Ankle Ability Measure inabwera mu 2005 ndi mafunso 21 okhudza zochita za tsiku ndi tsiku komanso ena 8 okhudza masewera. Imene tikhale nayo kwambiri pano ndi Foot Health Status Questionnaire, yodziwika mwachidule kuti FHSQ, imene Paul Bennett ndi anzake anaikonza ku Queensland m'dziko la Australia n'kuisindikiza mu 1998. Mafunso ake okhudza phazi alipo 13 ndipo anagawidwa panayi: anayi a ululu, anayi a mmene phazi likugwirira ntchito, atatu a nsapato, ndi awiri a mmene munthu akuonera thanzi la mapazi ake onse. Gawo lililonse limapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 100, ndipo 100 amatanthauza kuti palibe vuto.

Chifukwa chofunira mafomu amenewa m'Chiarabu sichovuta kuchiona. Bungwe la International Diabetes Federation linanena mu 2021 kuti m'chigawo cha Middle East ndi kumpoto kwa Africa munthu wamkulu mmodzi mwa 6 aliwonse ali ndi matenda a shuga, kutanthauza anthu pafupifupi 73 miliyoni, ngakhale kuti chigawocho chikuphatikizanso mayiko ena osalankhula Chiarabu monga Pakistan ndi Iran. Shuga amawononga mitsempha ya kumapazi, zilonda zimachedwa kupola, ndipo ena amafika podulidwa chala kapena mwendo. Pamwamba pa zimenezi pali mavuto wamba a dziko lililonse: kupweteka kwa chidendene, nyamakazi, chala chachikulu chopindikira kwa zinzake, kubinya. Chipatala cha ku Riyadh, ku Cairo kapena ku Amman chikafuna kudziwa ngati chithandizo chake chikuphula kanthu, chimafunika kufunsa odwala m'chinenero chawo, koma chimafunanso kuti malikisi ake akhale oti n'kuikidwa pambali pa a ku Melbourne kapena ku Madrid. Zofuna ziwirizi zimakokerana mbali zosiyana, ndipo ntchito yonse yotsimikizira fomu yomasuliridwa imachokera pa kukokerana kumeneku.

Munthu wosadziwa angaganize kuti ndi nkhani yongopeza katswiri wa zinenero ziwiri n'kumupatsa pepalalo Lolemba kuti alibweze Lachisanu. Njira imene ofufuza ambiri amatsata ndi yaitali kuposa pamenepo, ndipo inalongosoledwa bwino ndi Dorcas Beaton ndi anzake mu 2000 m'magazini ya zachipatala yotchedwa Spine. Omasulira awiri amene Chiarabu ndi chinenero chawo chobadwa nacho amamasulira fomuyo aliyense payekha, osaonerana. Mmodzi amakhala wodziwa zachipatala ndipo amauzidwa cholinga cha mafunsowo, pamene winayo sauzidwa kalikonse ndipo sakhala wachipatala, kuti mawu ake akhale a munthu wamba. Awiriwa akamaliza amakhala pansi n'kugwirizanitsa zimene alemba kuti patuluke pepala limodzi, ndipo paliponse pamene anasiyana amalemba chifukwa chimene asankhira liwu ili n'kusiya linalo. Pepala limodzilo limaperekedwa kwa omasulira ena awiri, amene Chingerezi ndi chinenero chawo choyamba ndipo sanaionepo fomu yoyambirira, kuti alibwezere m'Chingerezi. Kenako komiti ya akatswiri, momwe mumakhala madokotala, odziwa kafukufuku, odziwa chinenero ndi omasulira onse aja, imayala mapepala onsewo pa tebulo n'kuwayerekeza chiganizo ndi chiganizo. Eni fomu yoyambirira amapemphedwa chilolezo kuyambira pachiyambi, ndipo nthawi zambiri amaonetsedwa zimene zabwezedwa m'Chingerezizo.

Kubwezera m'Chingerezi kumagwira zolakwa zoonekeratu, monga funso limene latembenuka tanthauzo kapena yankho limene lasowa. Koma ndikuona kuti anthu amaipatsa njira imeneyi ulemu woposa umene imayenera, chifukwa chiganizo chomasuliridwa liwu ndi liwu chimabwerera m'Chingerezi chili bwinobwino, chonsecho m'Chiarabu chikumveka ngati chikalata cha kukhoti chimene agogo sangachimve. Kumasulira koipa kumatha kukhoza mayeso amenewa mosavuta kuposa kumasulira kwabwino.

Vuto lalikulu lili m'Chiarabu mwenimwenimo. Mayiko a m'bungwe la Arab League alipo 22, kuchokera ku Mauritania ndi Morocco kumadzulo mpaka ku Oman kum'mawa, ndipo onse amalemba Chiarabu chimodzi cha m'mabuku chotchedwa fus-ha, chimene chimaphunzitsidwa kusukulu ndi kuwerengedwa pa nkhani za pawailesi. Koma palibe mayi amene amalankhula fus-ha kwa mwana wake kukhitchini. Dera lililonse lili ndi kalankhulidwe kake, ndipo ka ku Morocco kamamuvuta kwambiri munthu wa ku Iraq. Katswiri wa zinenero Charles Ferguson analemba za mkhalidwe umenewu mu 1959, ndipo Chiarabu chinali chimodzi mwa zitsanzo zake zikuluzikulu. Wolemba fomu ayenera kusankha. Akalemba mu fus-ha, fomuyo ingathe kuyenda m'mayiko onse, koma wodwala amene sanapite patali ndi sukulu aziphonya mawu ena. Akalemba m'kalankhulidwe ka ku Egypt, odwala a ku Cairo amva bwino, koma fomuyo yasanduka ya ku Egypt kokha. Ambiri amasankha fus-ha yosavuta, ndipo chisankho chimenechi n'chomveka, bola asaiwale kuti chili ndi mtengo wake.

Mtengowo umaonekera pa mawu atatu amene fomu ya mapazi singawapewe: phazi, ululu ndi nsapato. Mu fus-ha phazi ndi qadam. Pocheza, anthu ambiri amati rijl, liwu limene limatha kutanthauza mwendo wonse kuchokera m'chiuno mpaka ku zala. Ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi wosiyanitsa phazi ndi mwendo, ngakhale kuti nafenso munthu wobaidwa ndi minga kuphazi amatha kunena kuti mwendo ukumuwawa. Ngati namwino akuwerengera fomu wodwala n'kusintha qadam kukhala rijl pofuna kumuthandiza kumva, wodwala wa bondo ayamba kufotokoza za bondo lake, ndipo malikisi a phazi alowa ululu umene si wa phazi. Liwu la ululu mu fus-ha ndi alam, pamene pakamwa pa anthu ambiri pamatuluka waja'. Apa FHSQ ili ndi msampha wakewake, chifukwa funso lina limafunsa za pain, lotsatira limafunsa za ache, ndipo lina limafunsa za ululu wobaya. Kwa Mngelezi mawu awiri oyambawo ndi osiyana pang'ono: lachiwirilo limanena za kuwawa kosabaya koma kosatha msanga, konga kwa mapazi a munthu amene waima tsiku lonse. Womasulira akaika liwu limodzi pa mafunso onse awiri, wodwala aona ngati akufunsidwa chinthu chomwecho kawiri, ayankha chimodzimodzi, ndipo masamu adzaonetsa kugwirizana kokongola kumene kwenikweni ndi kubwereza chabe.

Nsapato ndiye zimasokoneza kwambiri. Fus-ha imati hidha', Aiguputo amati gazma, ku Syria ndi ku Lebanon mumamva kundara, ku Morocco sabbat, m'mayiko ena a ku Gulf juti. Koma vuto silithera pa dzina. Mafunso atatu a nsapato a mu FHSQ amafunsa ngati munthu amavutika kupeza nsapato zosamupweteka, ngati amavutika kupeza zomukwana, ndi ngati nsapato zimene angathe kuvala n'zochepa. Analembedwa poganizira munthu wa ku Brisbane ku Australia amene amavala nsapato zotseka popita kuntchito. Bambo wa ku Saudi Arabia amene chaka chonse amavala nkhwayira zotsegula pansi pa mkanjo wake angayankhe moona mtima kuti alibe vuto lililonse ndi nsapato, ngakhale chala chake chachikulu chitapindika moti nsapato yotseka singalowe. Malikisi ake a nsapato akhala pafupi ndi 100, osati chifukwa phazi lili bwino, koma chifukwa funsolo silinamupeze pamene ali.

Palinso zimene fomu ya Chingerezi sifunsa n'komwe koma zili pakati penipeni pa moyo wa odwala ambiri a kumeneko. Msilamu amaswali kasanu pa tsiku, ndipo asanaswali amachita wudhu, momwe amasambitsa mapazi mpaka mu akakolo. Pogwetsa nkhope pansi zala za kumapazi zimapindika zitaponda pansi, ndipo pokhala pakati pa swala amakhalira phazi lamanzere pamene lamanja laimirira pa zala. Aliyense amene analowapo mumzikiti ku Mangochi kapena ku Limbe amadziwa kakhalidwe kameneka. Kwa munthu amene mfundo ya chala chake chachikulu yauma, apa ndi pamene matenda amamupweteka mtima kwambiri, makamaka akafika poswali atakhala pampando anzake ali pansi. M'nyumba zambiri alendo amalandiridwa pamkeka kapena pa makushoni apansi, nsapato zitasiyidwa pakhomo. Opita ku Hajj, ulendo wachipembedzo wa ku Mecca, amayenda mitunda italiitali, ndipo kuyenda kasanu ndi kawiri pakati pa timapiri ta Safa ndi Marwa kokha kumakwana pafupifupi makilomita atatu. Komiti ya akatswiri ikaona zimenezi imagwidwa njakata. Ikawonjezera funso la swala, fomuyo imveka ya kwawo, koma malikisi ake sangayerekezedwenso mwachindunji ndi a mayiko ena, komanso Akhristu olankhula Chiarabu a ku Egypt ndi ku Lebanon funsolo siliwakhudza mofanana. Njira imene ndimaiona yanzeru ndi kusiya mafunso 13 aja mmene alili n'kuika mafunso owonjezera padera, ndi malikisi awoawo, kuti wowerenga adziwe chimene chikuyerekezeka ndi chimene sichikuyerekezeka.

Zina ndi zazing'ono koma zimaluma. Foot Function Index imafunsa za kuyenda mtunda wa mabuloko anayi a mumzinda (buloko ndi mtunda wochokera pa mphambano imodzi ya misewu kukafika pa yotsatira), muyezo umene umamveka ku Chicago koma osati m'mudzi wa m'mphepete mwa Nile, ndiye pamafunika kuusandutsa mamita kapena mphindi. Chiarabu chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, choncho mzere umene wodwala amaikapo chizindikiro posonyeza kukula kwa ululu uyenera kuganiziridwa bwino kuti mbali yopanda ululu ikhale kuti. Manambala nawonso ali pawiri: ku Morocco, Algeria ndi Tunisia amagwiritsa ntchito omwe timawadziwa ifewa, pamene ku Egypt ndi kum'mawa kuli ena, momwe ziro amalembedwa ngati kadontho ndipo 5 amaoneka ngati kabwalo kofanana ndi ziro wathu. Pa sikelo ya 0 mpaka 10 kabwalo kamodzi kameneka kangasandutse munthu wopanda ululu kukhala wa ululu wapakatikati.

Komiti ikagwirizana, fomu imayesedwa kaye pa anthu ochepa, ndipo Beaton ndi anzake analangiza kuti akhale pakati pa 30 ndi 40. Cholinga si kusonkhanitsa malikisi ayi, koma kumva mmene anthu akumvera mafunso. Tiyerekeze mayi wa zaka za m'ma 60 amene wakhala pabenchi ya kiliniki ya shuga, mwana wake wamkazi ali pambali atagwira pepala ndi cholembera. Wofufuza akufunsa funso la mmene mayiwo akuonera thanzi la mapazi awo, ndipo iwo akuyankha kuti alhamdulillah, kutanthauza kuti Mulungu atamandike. Mwana uja akuchonga yankho lakuti ali bwino kwambiri. Wofufuza wodziwa ntchito yake sapitirira pamenepo. Amafunsa kuti, kodi mayi, funso limeneli mwalimva kuti likufunsa chiyani, ndipo dzulo munayenda mpaka pati? Pamenepo m'pamene zimatuluka zoti mayiwo sanatsike masitepe a nyumba yawo kwa milungu iwiri. Yankho lawo loyamba linali la ulemu ndi chikhulupiriro, longa la wodwala wa kwathu amene amati ali bwino pang'ono ali chigonere. Zikapezeka kuti ambiri akuyankha motere, malangizo a pamwamba pa fomu amakonzedwa, ndipo ofufuza amagamula ngati wodwala aziyankha yekha, kapena aziwerengeredwa ndi munthu wophunzitsidwa amene saloledwa kusintha mawu. Wachibale wochonga m'malo mwa wodwala amalowetsapo maganizo ake, nthawi zina mosadziwa.

Zonsezi zikatha, chimene chilipo ndi pepala lomasuliridwa bwino, koma sichinafike pokhala chida choyezera. Kuti tione kusiyana kwake, tiganize za sikelo ya wogula chimanga pamsika. Sikelo ingathe kupereka kulemera kosiyanasiyana thumba lomwelo likaikidwa katatu, ndipo imeneyo ndi yosadalirika. Ina ingathe kupereka nambala yomweyo nthawi zonse koma ikudya makilogalamu awiri pa thumba lililonse, ndipo imeneyo ndi yosasinthasintha koma yabodza. Fomu iyenera kuyesedwa pa zonse ziwiri, ndipo gulu la akatswiri lotchedwa COSMIN, limene likulu lake lili ku Amsterdam, linagwirizana mu 2010 za mayina ndi njira za mayeso amenewa.

Choyamba amaona ngati mafunso a m'gawo limodzi akuyendera limodzi. Munthu amene wati ululu wake ndi waukulu timayembekezera kuti anenanso kuti umabwera pafupipafupi. Kugwirizana kumeneku amakuyeza ndi nambala yotchedwa Cronbach's alpha, imene Lee Cronbach anaifotokoza mu 1951, ndipo mlingo umene Caroline Terwee ndi anzake anaika mu 2007 ndi wakuti ikhale pakati pa 0.70 ndi 0.95. Malire apamwambawo anthu amakonda kuwaiwala. Alpha ikapitirira 0.95, kawirikawiri ndiye kuti mafunso akubwerezana, monga zingachitikire ngati mawu awiri a ululu aja aphwanyidwa kukhala amodzi. Iyeneranso kuwerengedwa pa gawo lililonse palokha, chifukwa kuphatikiza mafunso onse 13 kumakweza nambalayo popanda kutiuza kanthu, poti alpha imakula mafunso akamachuluka. Pofuna kudziwa ngati magawo anayi aja akadalipo m'Chiarabu, amagwiritsa ntchito masamu otchedwa factor analysis, amene amaona mafunso amene mayankho ake amaunjikana pamodzi. Pamafunika anthu osachepera 100, ndipo langizo lodziwika ndi lakuti akhale kuwirikiza kasanu ndi kawiri chiwerengero cha mafunso. Zikapezeka kuti ululu ndi kagwiridwe ka ntchito zasakanikirana kukhala gawo limodzi, ofufuza ayenera kunena poyera, osati kukakamiza manambala kuti afanane ndi a ku Australia.

Chachiwiri ndi kubwereza. Odwala omwewo amayankhanso fomu patapita masiku, nthawi zambiri mlungu umodzi kapena iwiri. Nthawiyo ikafupika kwambiri amakumbukira zimene anayankha, ndipo ikatalika phazi limakhala litasintha. Ofufuza osamala amafunsa kaye wodwala ngati akuona kuti wasintha, n'kuwerengera okhawo amene ati ali chimodzimodzi. Kalendala nayo iyenera kuyang'anidwa: kuyankha koyamba kukachitika Ramadan isanayambe ndipo kwachiwiri mkati mwake, pamene anthu amaima nthawi yaitali pa swala za usiku ndipo kagonedwe ndi kayendedwe kasintha, kusiyana kwa malikisi sikungaikidwe pa fomu. Nambala imene imatuluka apa, yosonyeza mmene mayankho oyamba akufanirana ndi achiwiri, imatchedwa ICC, ndipo ikayandikira 1 ndiye kuti akufanana kwambiri, pamene 0.70 ndiye poyambira povomerezeka.

ICC yokha siithandiza dokotala amene ali ndi wodwala mmodzi patsogolo pake, ndipo apa ndi pamene malipoti ambiri amasiyira panjira. Tiyerekeze, pongofuna kuona mmene masamu amayendera, kuti malikisi a ululu m'gulu loyesedwa amwazikana ndi muyezo wa 20, kutanthauza kuti kawirikawiri amatalikirana ndi avereji ya gululo ndi malikisi pafupifupi 20, ndipo ICC yatuluka 0.90, imene aliyense angaisangalalire. Cholakwa cha muyezo chimapezeka pochotsa 0.90 pa 1, kutenga square root ya 0.10 yotsalayo (nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka 0.10), n'kuchulukitsa ndi 20, ndipo yankho ndi pafupifupi 6.3. Kuti tinene molimba mtima kuti munthu mmodzi wasinthadi, 6.3 ameneyu amachulukitsidwa ndi 1.96 komanso ndi 1.41, ndipo timapeza malikisi pafupifupi 17.5. Tsono Karl Landorf ndi anzake a ku La Trobe University ku Melbourne, atafufuza odwala chidendene, anapeza kuti kusintha kochepetsetsa kumene wodwala amakumva kuti n'kwaphindu pa gawo la ululu la FHSQ ndi malikisi pafupifupi 13. M'chitsanzo chathuchi ndiye kuti wodwala angathe kupeza bwino ndi malikisi 14, iye n'kumamva kusintha, koma fomu osatha kusiyanitsa kusinthako ndi kugwedezeka wamba kwa sikelo. Fomu yotere ndi yabwino poyerekeza magulu a anthu ambiri, koma ndi yofooka poweruza munthu mmodzi. Ndipo 13 ameneyo ndi wa odwala chidendene a ku Australia. Wa odwala shuga a ku Kuwait ayenera kufufuzidwa payekha.

Chachitatu, chimene ndi chovuta kuposa zonse, ndi kusonyeza kuti fomu ikuyezadi thanzi la phazi. Palibe makina oyezera ululu amene tingati ndiwo choonadi, choncho ofufuza amazungulira. Amalemba zimene akuyembekezera asanaone manambala: kuti gawo la ululu ligwirizana kwambiri ndi mzere wa ululu uja, kuti gawo la kagwiridwe ka ntchito ligwirizana ndi gawo la mphamvu za thupi la fomu ina yotchuka ya SF-36, imene ili nayo kale ya Chiarabu, koma ligwirizana pang'ono chabe ndi gawo la maganizo, ndiponso kuti odwala nyamakazi apeza malikisi otsika kuposa anthu opanda vuto la mapazi. Mlingo wa Terwee umati zinthu 75 pa 100 zilizonse zimene zinayembekezeredwa zikwaniritsidwe. Kulemba zoyembekezera poyamba n'kofunika chifukwa munthu akaona kaye manambala sasowa nkhani yowafotokozera. Amaonanso ngati anthu aunjikana kumapeto kwa sikelo: opitirira 15 pa 100 aliwonse akapeza malikisi apamwamba kwambiri kapena apansi kwambiri, ndiye kuti fomu ikulephera kuwasiyanitsa, ndipo apa ndi pamene bambo wa nkhwayira uja ndi anzake angaonekere.

Zonsezi zimadalira kuti anayankha ndi ndani. N'zosavuta masiku ano kutumiza fomu pa WhatsApp n'kupeza mayankho mazanamazana m'masiku ochepa, koma oyankha amakhala achinyamata, ophunzira bwino, odziwa fus-ha ndipo ambiri mapazi awo ali bwino. Manambala ake amaoneka okongola, koma satiuza kanthu za mayi wa pabenchi uja. Lipoti loona mtima limanena zaka za oyankha, maphunziro awo, dziko ndi dera lawo, matenda awo, ndi ngati anayankha okha kapena anawerengeredwa. Mayeso a ngati fomu imatha kuona kusintha pambuyo pa chithandizo amafuna kutsatira odwala kwa miyezi, ndipo chifukwa cha ndalama ndi nthawi ndiwo amasiyidwa kawirikawiri, ngakhale kuti kuona kusintha ndiye chifukwa chimene madokotala amafunira mafomuwa.

Pa odwala shuga pali chinthu china chimene chimatembenuza tanthauzo la malikisi. Mitsempha ikawonongeka, phazi limachita dzanzi, ndipo munthu amatha kuponda msomali kapena kupsa ndi matailosi otentha a pabwalo la mzikiti masana osamva kanthu. Wodwala wotere angapeze 100 pa gawo la ululu, chonsecho phazi lake ndi limene lili pangozi kuposa la mnzake amene akudandaula. Fomu sinalakwe, yanena zimene mwini phazi akumva. Koma singalowe m'malo mwa kuvula sokosi, kuyang'ana pakati pa zala, kumva kugunda kwa magazi, ndi kukhudza phazi ndi kaulusi kapulasitiki kamene kamapinda pa mphamvu ya magalamu 10 pofuna kuona ngati khungu likumva. Fomu imene yatsimikiziridwa pa odwala chidendene iyenera kuyesedwanso pa odwala shuga, ndipo zoyembekezera zake zilembedwe mosiyana.

Pachifukwa chomwechi, mawu akuti fomu ya Chiarabu yatsimikiziridwa amafunika kufunsidwa kuti kuti, pa ndani, ndiponso pa ntchito yanji. Umboni wochokera kwa odwala a mumzinda wa Riyadh ndi umboni wa odwala a mtundu umenewo. Fomu yomweyo ikafika ku Casablanca m'dziko la Morocco, kumene ophunzira ambiri amakambirana zachipatala m'Chifalansa ndipo ena chinenero chawo choyamba ndi Tamazight, kapena ku Khartoum, kapena kwa othawa nkhondo a ku Syria amene ali ku Germany, pamafunika kuyesa kwina. Njira yake ilipo. Amatenga anthu a m'mayiko awiri amene malikisi awo onse a gawo la ululu ndi ofanana, n'kuona ngati pali funso limodzi limene gulu lina limaliyankha mokwera kapena motsika kuposa linzake. Funso lotere likapezeka, ofufuza amabwerera ku liwu lenilenilo, amakhalanso pabenchi ndi odwala 30 ena a dziko latsopanolo, n'kuwafunsa kuti akamva hidha' amaganiza za nsapato iti mwa zimene zili pakhomo pawo.